Dr. James Aggrey, Mphunzitsi Wosasankha

Dr. James Kwegyir Aggrey anabadwa m'chaka cha 1875 ku Anomabu, m'dziko la Gold Coast limene lero ndi Ghana. Ataphunzira ndi kuphunzitsa pa Livingstone College ku Amereka, anafika ku Nyasaland mu 1924 pamodzi ndi bungwe la Phelps-Stokes loona za maphunziro. Malangizo a bungweli ndiwo anabala sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ankasulidwa limodzi ndi akazi awo.

Ali wachiŵiri kwa mkulu wa sukulu ya Achimota, a Aggrey analimbikira kuti atsikana alembedwe pamodzi ndi anyamata. Zinaterodi sukuluyo itatsegulidwa mu 1927, chaka chimene iwo anamwalira ku New York. Chizindikiro cha Achimota ndi makiyi oyera ndi akuda a piyano, kusonyeza kuti nyimbo yokoma imafuna onse.

Ife aphunzitsi tikaloŵa m'kalasi ya sekondale ku Nayuchi, tipezamo Ayao ndi Alomwe, Asilamu ndi Akhristu. Tikamaloza anyamata okhaokha, kapena odziŵa Chicheŵa okha, otsalawo amayamba kujomba, potsiriza nasiyiratu sukulu. Tsono phunziro likatha tidziŵerengere tokha: tafunsa atsikana angati?