El Santo: katswiri wa ku Mexico amene adalowa m'manda ndi chigoba chake

Pa 5 February 1984, mumzinda wa Mexico City mudamwalira bambo wa zaka 66, dzina lake Rodolfo Guzmán Huerta. Amene ankalidziwa dzinali adali ochepa. Koma itamveka mbiri yoti watsikira kulichete ndi El Santo, anthu miyandamiyanda adakhamukira kumaliro. Adamuika m'manda atavala chigoba chake chonyezimira ngati siliva, chimene kwa zaka zoposa 40 chidali nkhope yokhayo imene anthu a m'dziko lake ankaidziwa.

Rodolfo adabadwa pa 23 September 1917 ku Tulancingo, m'chigawo cha Hidalgo. Ali mwana, banja lake lidasamukira ku Mexico City, komwe adakulira pakati pa anthu osauka. M'zaka za m'ma 1930 adayamba masewera ogwetsana otchedwa lucha libre, amene ambiri mwa ochita ake amabisa nkhope ndi chigoba. Adayesa mayina angapo, koma palibe limene lidamutchukitsa kufikira mu 1942 pamene adalowa m'bwalo atavala chigoba cha siliva, akudzitcha El Santo, kutanthauza Woyera. Chodabwitsa n'chakuti Woyerayu adayamba ngati wankhanza, wa mbali ija imene oonerera amaikuwiza.

Pamasewerawa, chigoba ndiye ulemu wa munthu. Akatswiri awiri akhoza kubetcherana zigoba zawo, ndipo wogonja amavula pamaso pa khamu, n'kuulula dzina lake lenileni. Mu 1952, El Santo adagonjetsa Black Shadow pa mpikisano wotere. Iye mwini sadaluzepo chigoba chake mpaka kupuma pantchito.

M'chaka chomwecho, mlembi José G. Cruz adayamba kusindikiza timabuku ta zithunzi tosimba za El Santo akulimbana ndi zigawenga komanso zinthu zam'malunje. Timabukuto tidamutsegulira njira ya kumakanema. Makanema ake awiri oyamba adajambulidwa ku Cuba mu 1958, Fidel Castro atatsala pang'ono kulowa mu Havana. Pomwe ankasiya, adali ataonekera m'makanema oposa 50.

Adani ake m'makanemawa ndiwo amene adamusiyanitsa ndi anzake. Mu Santo contra los zombies adalimbana ndi ndondocha, ndipo mu Santo contra las mujeres vampiro ya mu 1962 adathana ndi akazi opopa magazi. Ena mwa adaniwo adabwerekedwa kumakanema a ku Hollywood, koma amene ankagunda mitima ya oonerera adali a m'nthano za ku Mexico komweko.

Mumzinda wa Guanajuato muli mitembo yeniyeni imene idauma osawola. Idafukulidwa kumanda chifukwa abale ake adalephera kulipira msonkho wa manda, ndipo lero imasungidwa m'nyumba yoonetseramo zakale. Mu Las momias de Guanajuato ya mu 1972, mitembo yotereyi imadzuka n'kuyamba kuzunza anthu, ndipo El Santo amagwirizana ndi Blue Demon ndi Mil Máscaras kuti aigonjetse. Mu 1974 adakumana ndi La Llorona, mzukwa wa mayi amene nthano imati adapha ana ake ndipo amayendayenda usiku akuwalira. Ndi dzina limeneli makolo a ku Mexico akhala akuopseza ana oyenda usiku kwa mibadwo yambiri.

Makanemawa ankapangidwa mofulumira ndi ndalama zochepa. Mileme yake inkaoneka kuti ndi yopanga, ndipo katswiriyu ankadya, kuyendetsa galimoto ngakhale kuvala suti ali chivalire chigoba. Nthawi zambiri mawu amene ankamveka sadali ake, adali a munthu wina. Oonerera ankachita mantha kwinaku akuseka, ndipo kuseka imfa si chachilendo m'dziko limene chaka chilichonse, pa Tsiku la Akufa, anthu amadya maswiti oumbidwa ngati zigaza. Akatswiri oweruza makanema ankawanyoza, koma anthu wamba ankadzaza nyumba zoonetsera kanema. Chimene ankachikonda chidali chomveka: zoopsa zimene agogo awo ankasimba zidapeza munthu wokhoza kuzigwira m'khosi n'kuzigwetsa pansi.

Kutchukaku kudali ndi mtengo wake. Kuti El Santo akhale wa anthu onse, Rodolfo adayenera kubisika. Pagulu sankaoneka wopanda chigoba, ndipo atachivula ankatha kudutsa pakati pa omukonda popanda womuzindikira. Adasiya masewera ogwetsana mu September 1982, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 65, ndipo mwana wake adapitiriza ntchitoyo pansi pa dzina loti El Hijo del Santo.

Kumapeto kwa January 1984, pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa Contrapunto, adatukula chigobacho kwa kamphindi n'kuonetsa nkhope ya nkhalamba yotopa. Patangodutsa masiku ochepa adamwalira ndi nthenda ya mtima. Kwawo ku Tulancingo kuli chiboliboli chomukumbukira, ndipo nachonso chidavala chigoba.