Mbiri ya George Papanicolaou, Dokotala Amene Anapeza Njira Yopimira Khansa ya Khomo la Ciberekero

Dzina la George Papanicolaou ndi lovuta kuchula, motero madokotala ndi anamwino padziko lonse anangolidula n'kumati Pap. Dzina lodulidwali ndilo linapatsidwa ku njira yopimira azimai yochedwa Pap smear, imene imathandiza kupeza khansa ya khomo la ciberekero isanaononge thupi. Dokotala ameneyu anabadwira ku Greece, nagwira nchito ku America, ndipo anamwalira mu 1962, koma matenda amene analimbana nawo akali kupha azimai ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 azimai pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo pafupifupi 350,000 anamwalira nayo. M'dziko lino la Zambia, iyi ndiyo khansa imene imapezeka kwambiri mwa azimai kuposa ina iliyonse.

Kubadwa ndi maphunziro

A Papanicolaou anabadwa pa 13 May, 1883, m'tauni ya Kymi pa cisumbu ca Euboea m'dziko la Greece. Atate awo anali dokotala wodziwika m'deralo, ndipo anafuna kuti mwana wawo adzagwire nchito yomweyo. Ali mnyamata ankakonda nyimbo ndi kuliza vayolini, koma anamvera atate awo, nalowa yunivesite ya Athens kumene anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1904, ali ndi zaka 21.

Atatumikira kwa kanthawi monga dokotala m'gulu la asilikali, anaona kuti mtima wawo unali pa kafukufuku osati pa kuona odwala tsiku ndi tsiku. Mu 1907 anapita ku Germany, ndipo mu 1910 analandira digiri yapamwamba ya maphunziro a zinyama pa yunivesite ya Munich. Caka comweco anakwatira Andromache Mavrogeni, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Mary.

Banjali linakhalako ku Monaco, kumene a Papanicolaou anagwira nchito pamalo ofufuzira zamoyo za m'nyanja. Nkhondo ya ku Balkan itabuka mu 1912, anabwerera kwawo kukathandiza asilikali ovulala. Kunkhondoko anakumana ndi Agiriki anzawo amene anakhalapo ku America, ndipo iwowa ndiwo anawauza za mwai wa nchito umene unali kumeneko.

Umphawi mumzinda wa New York

A Papanicolaou ndi akazi awo anafika ku New York mu October, 1913, ali ndi ndalama zocepa ndiponso asakudziwa bwino Cizungu. Mai Mary anapeza nchito yosoka m'sitolo yaikulu ya Gimbels. Amuna awo, ngakhale anali ndi madigiri awiri, anayamba kugulitsa makapeti m'sitolo yomweyo. Nchitoyo sanakhalitse nayo, motero ankaliza vayolini m'malo odyera ndi kugwira nchito pa nyuzipepala ina ya Cigiriki kuti apeze cakudya.

Mu 1914 analembedwa nchito pa sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Cornell, m'cigawo cophunzitsa za kapangidwe ka thupi cimene cinali m'manja mwa a Charles Stockard. Pamalo amenewa anakhalapo zaka 47. Mai Mary nawonso anasiya kusoka, nayamba kuthandiza amuna awo pa kafukufuku, ndipo anagwira nchitoyo kwa zaka zambiri popanda malipiro.

Kuyambira pa mbira

Kafukufuku amene anawachukitsa sanayambire pa anthu koma pa mbira zoweta. A Papanicolaou ankafuna kudziwa nthawi yeniyeni imene mbira yaikazi imatulutsa mazira m'thupi mwake. Masiku amenewo njira yodziwira zimenezi inali kupha nyamayo ndi kuitumbula. Iwo anaganiza zotenga timadzi ta m'njira yoberekera ya mbira yamoyo, kutipaka pa kagalasi, ndi kutiona pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso ochedwa maikulosikopu. Anapeza kuti maselo, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi, amasintha maonekedwe molingana ndi nyengo imene nyamayo ilimo. Zimene anapezazi anazifalitsa pamodzi ndi a Stockard mu 1917.

Ca m'ma 1920 anayamba kuyesa njira yomweyo pa anthu. Munthu woyamba kuvomera anali mai Mary, amene analola kupimidwa pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka 21. Kupyolera mwa iwo, amuna awo anadziwa bwino lomwe mmene maselo a mzimai wopanda matenda amaonekera. Mu 1925 anayamba kupima azimai ambiri pa cipatala ca Woman's Hospital mumzinda wa New York. Pakati pa azimaiwo panali ena odwala khansa, ndipo pa magalasi awo a Papanicolaou anaona maselo osiyana ndi ena onse, opotoka maonekedwe ndiponso okhala ndi pakati pakuda ndi pakulu mopitirira. Apa anazindikira kuti khansa ingathe kuoneka m'timadzi timene tingatengedwe popanda kuceka munthu.

Madokotala anakana

Nthawi imeneyo khansa ya ciberekero inali imodzi mwa khansa zimene zinkapha azimai ambiri ku America. Odwala ankafika kucipatala atayamba kale kutaya magazi ndi kumva ululu, pamene matendawo anali atafalikira.

Mu January, 1928, a Papanicolaou anafotokoza zimene anapeza pamsonkhano umene unacitikira ku Battle Creek, m'cigawo ca Michigan. Madokotala ambiri sanakhutire. Iwo anazolowera kudula kamnofu ka pamalo odwala ndi kukapima, ndipo sanakhulupirire kuti maselo ocepa oyoyoka okha angaonetse khansa. Ku Romania, dokotala wina dzina lake Aurel Babeș anali atalengeza njira yofananako mu 1927, koma nayonso sinafalikire.

Atagwa mphwayi, a Papanicolaou anaika nkhani ya khansa pambali kwa zaka pafupifupi 10, nabwerera ku kafukufuku wina. Zinthu zinasintha mu 1939, pamene mkulu watsopano wa cigawo cawo, a Joseph Hinsey, anawalimbikitsa kuti ayambirenso. Anagwirizana ndi a Herbert Traut, dokotala wa matenda a azimai, ndipo azimai ambiri obwera pa cipatala ca New York Hospital anayamba kupimidwa mwa njirayi. Awiriwa anafalitsa zimene anapeza mu 1941. Mu 1942 a Papanicolaou analongosola kasakanizidwe ka utoto wonyikamo magalasi kuti maselo azioneka bwino, ndipo utotowo ukali kudziwika ndi dzina lawo. Mu 1943 iwo ndi a Traut anatulutsa buku, lokhala ndi zithunzi za maselo zojambulidwa ndi katswiri wa ku Japan, a Hashime Murayama. Bukuli ndilo linatembenuza mitima ya madokotala. Mu 1947 dokotala wa ku Canada, a Ernest Ayre, anapanga kamtengo kosalala kopalira maselo pakhomo penipeni pa ciberekero, zimene zinacititsa kuti zotsatira zikhale zodalirika kwambiri.

Njirayi inapulumutsa anthu cifukwa khansa imeneyi imakula pang'onopang'ono. Mwa mzimai amene citetezo ca m'thupi mwake cili bwino, pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti maselo amene ayamba kusintha asanduke khansa. Akapezeka m'zaka zimenezo, malo odwalawo amacotsedwa mosavuta ndipo mzimaiyo amacira. Ku America ndi m'maiko ena kumene azimai ambiri anayamba kupimidwa kawirikawiri, imfa za khansa imeneyi zinatsika ndi kuposa theka.

Zaka zotsiriza

Mu 1950 a Papanicolaou analandira mphoto ya Lasker, imodzi mwa mphoto zapamwamba za udokotala ku America, ndipo mu 1954 anatulutsa buku lalikulu la zithunzi za maselo lophunzitsira akatswiri. Dzina lawo linaperekedwa kangapo pa mphoto ya Nobel koma sanaipate. Anthu ankawadziwa monga munthu wodzicepetsa, wogwira nchito maola ambiri ndiponso wosakonda kupita kuchuthi. Iwo ndi mai Mary analibe ana.

Kumapeto kwa 1961 anasamukira mumzinda wa Miami kukatsogolera malo ofufuzira khansa. Patangopita miyezi itatu, pa 19 February, 1962, anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 78. Malowo anapatsidwa dzina lawo. Mai Mary anapitiriza kuthandiza nchito yolimbana ndi khansa mpaka imfa yawo mu 1982. Dziko la Greece linaika nkhope ya a Papanicolaou pa ndalama yapepala ya madrachma 10,000, imene inkagwira nchito dzikolo lisanayambe kugwiritsa nchito ndalama ya euro.

Cimene anamwalira asanacidziwe

A Papanicolaou anapeza njira yoonera matendawa, koma cimene cimawayambitsa cinadziwika iwo atamwalira kale. Cizindikiro coyamba cinaoneka mu 1842, pamene dokotala wa ku Italy, a Domenico Rigoni-Stern, anawerenga mabuku a imfa a mumzinda wa Verona, napeza kuti khansa ya ciberekero inali yosowa mwa masisitere koma yoculuka mwa azimai apabanja ndi amasiye. Yankho lenileni linabwera mu 1983 ndi 1984, pamene gulu la a Harald zur Hausen a ku Germany linapeza mitundu iwiri ya kacirombo ka HPV, yochedwa 16 ndi 18, m'zotupa za odwala. A zur Hausen analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la ciberekero.

Kacirombo ka HPV kamafala pogonana, ndipo anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pamoyo wawo. Kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Ngozi imabwera kakakhazikika kwa zaka zambiri. Zimene zimakulitsa ngoziyi ndi kuyamba kugonana msungwana akali wamng'ono, kukhala ndi abwenzi ambiri ogonana nawo kapena mwamuna amene ali ndi akazi ambiri, kubereka ana ambiri, kusuta fodya, ndiponso kumwa mapiritsi akulera kwa zaka zambiri. Coopsa kwambiri ndi kufooka kwa citetezo ca m'thupi. Bungwe la WHO likuti mzimai amene ali ndi kacirombo ka HIV angadwale khansa imeneyi mosavuta kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe, ndipo mwa iye matendawa angakule m'zaka 5 mpaka 10 zokha. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa ali ndi odwala ambiri.

Njira ya Pap smear imafuna malo opimira ndi akatswiri owerenga magalasi, ndiponso imafuna kuti mzimai abwerenso kudzamva zotsatira. M'maiko osauka zimenezi zinali zovuta, ndipo mwa imfa 100 zilizonse za khansa imeneyi mu 2022, pafupifupi 94 zinacitika m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono. Pa cifukwa cimeneci, nchito yopima azimai imene inayamba mumzinda wa Lusaka mu 2006, motsogozedwa ndi Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la CIDRZ, inasankha njira ina. Namwino amapaka viniga pakhomo la ciberekero, malo amene maselo asintha amayera, ndipo mzimai angathandizidwe tsiku lomwelo. Mfundo yake ndi yomwe ija ya a Papanicolaou, yopeza matenda munthu asanamve kupweteka. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa mu Lusaka mu 2007, ndipo mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa asungwana m'dziko lonse.

Mu 2020 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030, asungwana 90 mwa 100 alionse azikhala atalandira katemera pofika zaka 15, azimai 70 mwa 100 azikhala atapimidwa pofika zaka 35 ndiponso 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi matendawa azilandira cithandizo. Bungweli limalangiza kuti azimai ayambe kupimidwa ali ndi zaka 30, koma amene ali ndi kacirombo ka HIV ayambe ali ndi zaka 25. Mzimai amene akutaya magazi pamene sali kumwezi, atagona ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, ayenera kupita kucipatala mosazengereza.