JOHN LENNON, WOIMBA WA KU LIVERPOOL

Pa 9 October 1940, masiku amene ndege za Ajeremani zinali kuponya mabomba pa doko la Liverpool ku Mangalande, mumzindamo munabadwa mwana wamwamuna, namutcha John. Atate ake, Alfred Lennon, anali a nchito m'sitima za pamadzi, kotero kuti pakhomo pao anali ngati mlendo. Amake, Julia, anali munthu wansangala ndi wokonda nyimbo, koma ukwati wao sunalimbe. Mwanayo ali ndi zaka zisanu anatengedwa ndi amake aakulu, Mimi Smith, amene analibe mwana, nakamlera ku Woolton ndi mwambo wolimba.

Atasinkhuka, John anazolowera kukacheza kwa Julia, ndipo ndiwo anamphunzitsa kuimba banjo. Koma pa 15 July 1958 galimoto linawagunda pa mseu, namwalira, iye ali ndi zaka 17. Chironda chimenechi sichinapole moyo wake wonse, ndipo ukali ndi mau olasa amene anthu anamdziwa nao pambuyo pake, muzu wake wina unali pomwepa.

Ku sukulu sanali wakhama. Mtima wake unali pa nyimbo za ku Amereka, za Elvis Presley ndi za anthu akuda monga Chuck Berry ndi Little Richard, zimene achinyamata a ku Mangalande anali kuzimva pa wailesi ndi pa mbale za galamafoni. Anasonkhanitsa anzake napanga kagulu kotchedwa Quarrymen. Pa 6 July 1957, akuimba pa chisangalalo cha tchalitchi cha Anglican cha St Peter, anakumana ndi mnyamata wina, Paul McCartney, amene pambuyo pake anabwera ndi George Harrison. Mu 1960, atatenga dzina la Beatles, anapita ku Hamburg, kumene anaimba m'nyumba zomwera mowa maola ambiri usiku uli wonse, nagona m'zipinda zonyansa. Kumeneko ndiko luso lao linakhwima. Kampani ya Decca inawakana mu 1962, koma wowayendetsera zinthu, Brian Epstein, sanatope kugogoda pa zitseko kufikira George Martin wa ku Parlophone anawalandira. Chaka chomwecho Ringo Starr analowa kudzaimba ng'oma.

Kufikira nthawi imeneyo nyimbo zinali kuyenda njira imodzi yokha, kuchokera ku Amereka kunka ku Ulaya, ndipo oimba a Chingelezi oyesa mwai wao tsidya lija kawirikawiri anali kubwerako chimanjamanja. Anyamata anaiwa ndiwo anatembenuza mtsinjewo. Anatera ku New York pa 7 February 1964. Patapita masiku awiri anthu ngati 73 miliyoni anawaona pa televizioni m'pologalamu ya Ed Sullivan. Ndipo m'mwezi wa April nyimbo zisanu zoyambirira pa mndandanda wa Billboard zinali zao zokhazokha. Khomo litatseguka, analowa a Rolling Stones, a Animals, a Kinks ndi ena ambiri. Chodabwitsa nchakuti katundu amene Angelezi aja anabwera naye anali wa Amereka yemwe, nyimbo za anthu akuda zimene azungu ambiri a kumeneko anali kuzinyoza, ndipo anazilandira ndi manja awiri pamene zinabwera m'kamwa mwa alendo. A Beatles sanabise kumene anaphunzira. Mu September 1964 ku Jacksonville anakana kuimba ngati akuda ndi azungu akhalitsidwa padera, ndipo eni bwalo anagonja.

Lennon ndi McCartney anali kupeka okha nyimbo zao, chinthu chimene sichinali chofala pakati pa oimba a gule wa achinyamata, ndipo magulu ambiri anatengera chitsanzo chao. Phokoso la magitala a ku Mangalande linafika ngakhale ku Zambia, kumene m'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH ndi Ngozi Family anasakaniza maimbidwe amenewa ndi a kwao.

Kutchuka kotere nkolemera pa mutu wa munthu wa zaka 25. Mu March 1966 Lennon anauza mtolankhani wa ku London kuti Chikhristu chinali kufota, ndi kuti gulu lake linali kutchuka koposa Ambuye Yezu. Kwao mauwo anapita osamveka kwenikweni, koma atasindikizidwa ku Amereka anthu a m'zigawo za kumwera anatentha mbale za nyimbo zao poyera, ndipo wailesi ya boma la South Africa inaleka kuziulutsa. Mu August anapepesa ku Chicago, nanena kuti sanafune kudzilinganiza ndi Khristu, koma kufotokoza zimene anali kuona pakati pa achinyamata. Mauwo anali achipongwe ndithu, ngakhale kuti matchalitchi a ku Mangalande analidi kuchepa anthu. Mu 2008 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inawayesa kudzitama kwa mnyamata wodzidzimuka ndi ulemerero umene sanauyembekeze, niyamikira nyimbo za gululo. Pa 29 August 1966, ku San Francisco, a Beatles anaimba komaliza pamaso pa khamu lolipira, pakuti kukuwa kwa anthu kunafika poti iwo eni sanathe kumva zimene anali kuimba.

Moyo wake wa m'nyumba sunali woyera, ndipo iye mwini sanakane. Anasiya mkazi wake woyamba, Cynthia, ndi mwana wao Julian, nakwatira Yoko Ono mu 1969. Analowerera m'mankhwala oledzeretsa, navomeranso kuti paunyamata wake anali kumenya akazi. Munthu yemweyo ndiye anabweza kwa Mfumukazi mendulo ya ulemu ya MBE mu November 1969, podandaula ndi mbali imene Britain anatenga pa nkhondo ya ku Biafra ndi ya ku Vietnam. Gululo linapasuka mu 1970, ndipo chaka chotsatira iye anasamukira ku New York.

Mwana wake wachiwiri, Sean, atabadwa mu 1975, Lennon anaika gitala pambali zaka zisanu kuti amlere, monga ngati kubweza ngongole ya ubambo imene sanalipire kwa Julian. Anayambanso kujambula nyimbo mu 1980. Pa 8 December chaka chimenecho, usiku, akubwerera kunyumba kwake ku Dakota, anaomberedwa ndi mfuti ndi Mark David Chapman, munthu amene madzulo a tsiku lomwelo anampempha kuti amlembere dzina lake pa mbale ya nyimbo zake zatsopano, ndipo Lennon analemba. Anafa ali ndi zaka 40.