Valery Legasov, Mboni ya Tsoka la ku Chernobyl

Mu caka ca 2018 boma lathu linasaina pangano ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia lomanga malo ofufuzira za nyukiliya ku Chongwe. Tisanakangane ngati mphamvu imeneyi ndi yabwino kapena yoopsa, tiyeni tikumbukire munthu amene anaona tsoka lake ndi maso.

Valery Legasov anabadwa mu 1936 mumzinda wa Tula ku Russia. Anaphunzira sayansi nakhala waciwiri kwa mkulu wa Kurchatov Institute ku Moscow. Pa 26 April 1986 makina opangira magetsi anaphulika ku Chernobyl m'dziko la Ukraine, ndipo boma la Soviet Union linamutumiza kumeneko tsiku lomwelo. Iye anaumirira kuti anthu pafupifupi 49,000 a m'tauni ya Pripyat asamutsidwe. Analangizanso kuti mahelikoputa athire mcenga, dothi ndi mtovu pa motowo.

Anthu awiri anafa pa kuphulikako, ndipo ena 28 anafa m'miyezi yotsatira cifukwa ca poizoni wosaoneka wocokera m'makinawo. Alimi anasiya minda ndi makola ao. Poizoniyo anagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, ndipo ana ambiri amene anamwa mkakawo anadwala khansa ya cithokomiro. Mu 2005 akatswiri a United Nations anati imfa zonse zingadzafike 4,000, koma ena amati n'zoposa pamenepo.

Mu August 1986 Legasov anafotokoza za ngoziyi kwa maola ambiri pamsonkhano wa maiko ku Vienna. Ambiri anamuyamikira, koma lipoti limene ananyamula linaika mlandu waukulu pa anchito. Zakuti makinawo anali ndi cilema cimene akuluakulu anali kucidziwa sizinamveke bwino. Atabwerera kwao, anayamba kudzudzula cinyengo ndi kusasamala, ndipo anzake anamusala. Anajambula mau ake pa matepi, ndipo mu April 1988 anadzipha. Mu 1992 akatswiri anavomereza cilema cija, ndipo mu 1996 Pulezidenti Boris Yeltsin anamupatsa ulemu wa ngwazi ya dziko.

Legasov sanadane ndi magetsi a nyukiliya. Cimene anaopa ndi atsogoleri obisa zolakwa. Nafenso tisanafunse za mtengo wa magetsi, tiyambe tafunsa kuti: zinthu zikadzalakwika, adzatiuza zoona ndani, ndipo adzatiuza liti?