Sergei Winogradsky ndi Moyo Wobisika M'dzimbiri

Tikaona zoterera zofiirira m'mipaipi ya mjigo, timangoti ndi dzimbiri basi. Komatu nthawi zambiri m'menemo mumakhala mabakiteriya, ndipo mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza ubale wawo ndi chitsulo anali Sergei Winogradsky.

Winogradsky anabadwira ku Kyiv mu 1856 m'banja lolemera. Anayamba waphunzira kuimba piyano ku St Petersburg, kenako anasiya nyimbo n'kuyamba sayansi. Mu 1885 anapita ku Strasbourg, komwe anaonetsa kuti mabakiteriya otchedwa Beggiatoa amapeza mphamvu kuchokera ku mpweya wonunkha ngati dzira lowola. Mu 1888 ananena kuti ena amachita zofananazo ndi chitsulo chosungunuka m'madzi: amachilanda maelekitironi, chotsalacho n'kukhala dzimbiri. Katswiri wa zomera Hans Molisch anamutsutsa, ndipo mkanganowo unatenga zaka zambiri.

Mu 1905 anapuma pantchito n'kukakhala kuminda yake ku Ukraine. Chipwirikiti cha boma cha mu 1917 chitabuka, mindayo inalandidwa ndipo iye anathawira ku Belgrade. Kumeneko, ali mkulu wopanda kwawo, anabwereranso ku nkhani ya chitsulo ija n'kuilemba mwatsopano. Mu 1922 Émile Roux anamuitanira ku Pasteur Institute ku France, komwe anafufuza tizilombo ta m'nthaka pafupifupi mpaka imfa yake mu 1953, ali ndi zaka 96. Lero tikudziwa kuti mabakiteriya odalira chitsulo, monga Gallionella, alipodi.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi sanaione. Mu 1987 Derek Lovley anapeza Geobacter m'matope a mtsinje wa Potomac ku United States. Ife tikadya, matupi athu amapereka maelekitironi a m'chakudya ku okosijeni amene timapuma. M'matope akuya mulibe okosijeni, choncho Geobacter amawapereka ku dzimbiri. Popeza dzimbiri ndi lolimba ndipo silingalowe m'selo, maelekitironi amadutsa m'mapuloteni otchedwa cytochrome, kuchoka pa ina kupita pa ina, mpaka atafika kunja. Dzimbirilo likawalandira, chitsulo chimatha kusungunukanso, ndipo mabakiteriya a Winogradsky aja amapeza poyambira.

Winogradsky ankalimbikira kuti tizilombo tiziphunziridwa molingana ndi momwe timakhalira m'nthaka ndi m'madzi, osati m'mbale za mu labotale zokha. Ife amene tikuphunzira sayansi, ulendo wathu ungayambire pamjigo pomwepo.