Edward Lear: Mwini Ndakatulo Zopanda Mutu

Mukatsegula mabuku a ndakatulo za Chingerezi za ana, kawirikawiri mumapezamo dzina la Edward Lear. M'gawo lino tiona moyo wake, ndipo pamene mukuwerenga, mudzifunse chifukwa chimene ndakatulo zooneka ngati zopanda mutu zakhalira zikuwerengedwa kwa zaka zoposa 170.

Lear anabadwa pa 12 May 1812 ku Holloway, mu London, m'banja la ana ambiri zedi. Chuma cha bambo ake chitalowa pansi iye akali wamng'ono, anamulera ndi mchemwali wake Ann, amene ankasiyana naye zaka 21. Kuyambira ali mwana ankadwala khunyu ndi mphumu. Za khunyulo anabisa moyo wake wonse chifukwa cha manyazi, ndipo inu aphunzitsi mukudziwa kuti manyazi otere sanathe ngakhale m'makalasi athu lero. Kusukulu sanapite patali. Asanakwanitse zaka 20 anali akudya za luso la manja ake, ndipo buku lake la zithunzi za zinkhwe, lomwe linamalizidwa mu 1832, linamutchukitsa pakati pa akatswiri a mbalame.

Lusoli ndi limene linamufikitsa ku Knowsley Hall, pafupi ndi Liverpool, kwa banja lolemera la Earl of Derby lomwe linkaweta nyama zachilendo. Anamuitanira kukajambula nyamazo, koma pa nthawi yopuma ankasangalatsa ana a pakhomopo ndi tindakatulo toseketsa ndi tizithunzi take. Tindakatuloti tinatuluka mu 1846 m'buku lotchedwa A Book of Nonsense, koma dzina lake lenileni linayamba kuonekapo mu 1861.

Apa ndi pofunika kufatsa. Mtundu wa ndakatulo umene anagwiritsa ntchito, womwe lero umatchedwa limerick, sanauyambitse ndi iye. Uli ndi malamulo okhwima: mizere 5, woyamba, wachiwiri ndi wachisanu ikuthera m'maliwu ofanana, pamene wachitatu ndi wachinayi ndi yaifupi ndipo ili ndi mathero akeake. Nkhani yake ikhoza kupenga mmene ingathere, monga ya nkhalamba imene mbalame zamanga zisa m'ndevu zake, koma kayendedwe ka mawu sikaphonya. Galamala nayonso siphwanyidwa. Mawu akuti runcible anangowapeka ndipo sanawamasulire, komabe wowerenga amazindikira kuti ndi mfotokozi poona malo amene aima m'chiganizo. Wophunzira amene wazindikira zimenezi wakuonetsani kuti chiganizo cha Chingerezi akuchidziwa, mwina kuposa mnzake amene waloweza matanthauzo 20 a mumtanthauziramawu. M'maganizo mwanga, phindu lalikulu la ndakatulozi pa ntchito yanu lagona pamenepa. Mwana amene amaopa kuyankhula chifukwa sakumva tanthauzo amamasuka akaona kuti pano palibe amene akulimva, ngakhale inu aphunzitsi.

Zoterezi si zachilendo kwathu. Kumbukirani nyimbo za m'nthano ndi za masewera a ana m'chiyankhulo chanu, kaya ndi Chichewa, Chishona kapena Chibemba. Zambiri zili ndi mawu amene ngakhale agogo sangawamasulire, koma mwana akalakwitsa phatikizo limodzi anzake amamukonza nthawi yomweyo.

Nanga akuluakulu amapezamo chiyani? Mu 1837 Lear anachoka ku England chifukwa cha chifuwa, napita ku Rome. Anayenda ku Greece, Albania, Egypt ndi India akujambula mapiri, mitsinje ndi mizinda, ndipo mu 1846 anaphunzitsako Mfumukazi Victoria kujambula. Iye ankafunitsitsa kudziwika ngati katswiri wa zithunzi zoterezi, koma anthu anamukonda chifukwa cha nthabwala. Sanakwatire, ndipo nthawi zambiri ankavutika ndi chisoni chosadziwika mutu wake. Mukawerenga ndakatulo zake mofatsa, muona kuti zambiri zimanena za munthu wamakhalidwe achilendo amene khamu la anthu osatchulidwa maina likumuseka, kumuthamangitsa, mwinanso kumumenya. Mwana amaseka ndevu ndi mphuno zazitali. Wamkulu amamva kusungulumwa kwa munthu wosiyana ndi anzake.

Ndakatulo yake yotchuka koposa, The Owl and the Pussy-cat, anailembera mwana wamkazi wa mnzake ndipo ili m'buku la 1871. Kadzidzi ndi mphaka akwera bwato, agula mphete kwa nkhumba, nkhukundembo iwamangitsa ukwati, kenaka avina pa mchenga mwezi ukuwala. Anailemba ndi munthu amene sanamangepo banja. Chenjezo laling'ono: m'madera athu ambiri kadzidzi amamuona ngati mbalame yamalodza, choncho ophunzira ena sadzaseka msanga. Afunseni kaye zimene amamva za mbalameyi kwawo musanawerenge.

Zaka zake zomaliza anakhala ku San Remo, m'dziko la Italy, pamodzi ndi mphaka wake wa mchira wodukiza wotchedwa Foss, amene ankamujambula kawirikawiri. Foss anafa mu 1887. Lear anamwalira pa 29 January 1888 ali ndi zaka 75, ndipo anzake apamtima a ku England sanathe kufika pa maliro ake.