Edwin Armstrong ndi nkhondo yake yolimbana ndi phokoso la mu wailesi

Ife akuluakulu tikuwakumbukira mawailesi akale aja. Kukangochita ziphaliwali, nkhani zamadzulo zinkamveka mothetheka, ndipo usiku siteshoni ina inkalowerera pa inzake. Ophunzira athu amene amamvera FM pafoni sazidziwa zimenezi. Munthu amene anavutikira kwambiri mavuto awiriwa ndi Edwin Howard Armstrong wa ku America.

Anabadwira ku New York pa 18 Disembala 1890, nakulira ku Yonkers. Ali mwana anadwala matenda onjenjemeretsa thupi, moti anakhala zaka ziwiri osapita kusukulu. Mu 1909 analowa pa Columbia University, ndipo mu 1912, asanamalize n'komwe maphunziro, anapeza njira yokulitsira mafunde ofooka a wailesi kuti azimveka bwino.

Luso lake lalikulu analipeza mu 1918 ku Paris, ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Eriyo imakoka mafunde a masiteshoni onse nthawi imodzi, choncho wailesi imafunika sefa yolola siteshoni imodzi yokha kudutsa. Koma sefa yabwino imene ingamasinthe kutsatira siteshoni iliyonse njovuta kupanga. Armstrong anaitembenuza nkhaniyo: sefa ikhale pamalo amodzi, siteshoni ndiyo ibweretsedwe pa sefapo. Wailesi imapanga mafunde akeake n'kuwasakaniza ndi amene akubwera. Mwachitsanzo, pa wailesi ya FM ya masiku ano, ngati siteshoni ili pa 100 MHz, wailesi imapanga 110.7 MHz, kusiyana kwake ndi 10.7 MHz, ndipo sefa imadikira pomwepo. Tikamapotokola kabatani kofunira siteshoni, timakhala tikusintha mafunde opangidwa m'katiwo. Njirayi imatchedwa superheterodyne. Ili ndi chilema chake, a Fomu 4 achiwerengere okha: siteshoni ya pa 121.4 MHz nayonso imasiyana ndi 110.7 ndi 10.7 yomweyo, n'chifukwa chake pamaikidwa sefa ina pafupi ndi eriyo. Kachipangizo kakang'ono kolandira wailesi m'foni kamasakanizabe mafunde chonchi kasanasefe. Chilungamo chake, Mfalansa wina, Lucien Lévy, anali ndi ganizo lofanana nalo nthawi yomweyo.

Phokoso la mphezi linali lovuta kuposa apa, chifukwa limagwera pamalo pomwe pali siteshoni ndipo sefa silingalipatule. Mphezi imasokoneza kukula kwa mafunde, pomwe wailesi ya AM imanyamula mawu m'kukula komweko. Armstrong anasamutsira mawu m'kusinthasintha kwa liwiro la kugwedezeka kwa mafunde, wailesi yolandira n'kumadula nsonga zonse kuti zifanane, phokoso n'kutsala kunja. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti phokoso limachepa mukapanikiza malo a siteshoni. Iye anawakulitsa, ndipo zinatheka. Zikalata zaumwini wa FM anazilandira mu Disembala 1933. Mu Novembala 1935 anamveretsa akatswiri ku New York kulira kwa madzi othiridwa m'tambula ndi kung'ambika kwa pepala, zochokera ku Yonkers, zomveka ngati zili m'chipinda momwemo.

Milandu ndiyo inamudya moyo. Mu 1934 khoti lalikulu la America linapereka umwini wa luso lake loyamba lija kwa Lee de Forest, koma bungwe la akatswiri a wailesi linakana kulandira mendulo imene iye anafuna kubweza. Kampani ya RCA, imene poyamba inamulola kuyesera FM pa nyumba ya Empire State, inamuchotsapo mu 1935. Anamanga mlongoti wakewake ku Alpine, New Jersey, ndi ndalama za m'thumba mwake. Mu 1945 boma linasamutsa FM kuchoka pa 42–50 MHz kupita pamene ili lero, kuyambira pa 88 MHz, mawailesi ogulidwa kale n'kukhala opanda ntchito. Mu 1948 anasumira RCA, mlandu n'kumangokokedwa mpaka chuma chake chinatha.

Timalemba ndi chisoni kuti kumayambiriro kwa 1954 anadzichotsera moyo, ali ndi zaka 63. Mkazi wake, Marion, anapitiriza milanduyo. RCA inalipira ndalama zoposa pang'ono madola 1 miliyoni, makampani enanso analipira, ndipo mlandu womaliza, wa Motorola, unatha mu 1967 mokomera banja la Armstrong.